MAYI KEA BOUMAN: MWAYI UDAWAPEZA ALI OKONZEKA

Pa tchuthi chathachi nditafika kwathu ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, ndidapeza pakhomo pali kamkangano. Mlongo wanga wondiponda pamutu amasewera ntchemberembaye pasukulu pake, ndipo timu yawo idali itangotenga kumene chikho cha sukulu za m'dera lathu. Koma chimwemwe chake sichidakhalitse. Patsiku la mpikisanowo, timu imene aliyense ankaiopa sidafike chifukwa lole imene idakwera idatitimira m'matope. Choncho anthu adayamba kunena kuti chikhocho chidali chongotola, ndipo kuti eni ake akadafika, atsikana athuwo akadabwerako manja ali m'khosi. Amalume athu atamva zimenezi adagamula kuti popeza luso lenileni palibe, mtsikanayu asiye zodumphadumphazo, ndipo madzulo akaweruka azikathandiza kumunda wa kachewere.

Tsiku limenelo ndidasowa choyankha, pajatu mwana salimbana mawu ndi amalume ake. Koma nditabwerera kusukulu, ndidapeza m'laibulale buku lakale la zamasewera. M'bukumo mudali mndandanda wa amayi amene adapambanapo pampikisano waukulu wa tenisi wa ku France. Pakati pa mayina a anthu a ku France, America ndi Britain padali dzina limodzi lokha la ku Holland, loyang'anizana ndi chaka cha 1927. Dzinalo lidali Kea Bouman. Nditafufuza mbiri yawo ndidapeza zinthu ziwiri zimene zidandikhudza. Choyamba, mayi amenewa adakhalapo m'dziko lathu lino pa nthawi imene linkatchedwa Nyasaland. Chachiwiri, nawonso adapambana m'chaka chimene akatswiri awiri oopedwa kwambiri sadabwere pabwalo. Mbiri yawo ndiyo ndifuna ndikufotokozereni, anzanga ndi inu makolo athu.

KUBADWA KWAWO

Mayi Cornelia Bouman, amene aliyense ankawadziwa ndi dzina loti Kea, adabadwa pa 23 Novembala 1903 m'tauni ya Almelo. Tauni imeneyi ili m'dera la Twente, kuvuma kwa dziko la Netherlands, kufupi ndi malire a dziko la Germany. Netherlands ndi dziko lomwe lija ambiri a ife timalitchula kuti Holland. Ife a ku Ntcheu dzikoli si lachilendo kwenikweni, chifukwa mmodzi mwa ansembe atatu amene adafika pa Nzama m'chaka cha 1901, Bambo Winnen, adali wa komweko. Pa nthawi imene Mayi Bouman ankabadwa, Almelo idali tauni yotchuka ndi mafakitale oomba nsalu.

Masiku amenewo, ngakhale ku Ulaya, mtsikana wokonda masewera ankamuyang'ana ndi diso lachilendo. Ambiri ankakhulupirira kuti kuthamanga ndi kutuluka thukuta pagulu si ulemu kwa munthu wamkazi. Amayi osewera tenisi ankavala masiketi aatali ndi masokosi ofika m'mwamba, zovala zimene zinkawalepheretsa kuthamanga momasuka. Ndiponso amayi a ku Holland adaponya voti yawo yoyamba pachisankho cha aphungu m'chaka cha 1922, pamene Kea adali kale namwali wa zaka 18. Mtsikanayu tsono adakula pa nyengo imene zitseko zinkangoyamba kumene kutsegukira amayi.

Dzina lawo lidayamba kumveka m'chaka cha 1923 pamene adakhala katswiri wa amayi onse osewera tenisi m'dziko la Holland, ali ndi zaka 19 zokha. Ulemu umenewu sadautaye msanga ayi. Adapambananso mu 1924, mu 1925 ndi mu 1926, zaka zinayi zotsatizana. Ndikupempheni kuti zaka zinayi zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa tidzazifuna kutsogoloku.

KODI TENISI AMASEWERA BWANJI?

Popeza ambiri a ife tidakula ndi mpira wa chikulunga, ndi bwino ndifotokozeko pang'ono za masewerawa. Bwalo la tenisi ndi lotalika mamita 23.77. M'lifupi mwake ndi mamita 8.23 ngati akusewera anthu awiri, wina uku wina uko, koma limakula kufika mamita 10.97 ngati akusewera awiriawiri. Pakati pa bwalolo pamadutsa ukonde umene pakatikati pake sufika mita imodzi kutalika kwake. Wosewera aliyense amagwira chomenyera chotchedwa raketi. M'masiku a Mayi Bouman raketi idali yamtengo, yolemererapo kuposa za lero, ndipo zingwe zake zinkapangidwa kuchokera ku matumbo a nyama.

Cholinga ndi kumenya kampira kuti kadutse pamwamba pa ukonde ndi kukagwera m'kati mwa mizere ya mbali ya mnzako, pamalo poti iye alephere kukabweza. Kampirako kakanjanja kawiri asanakamenye, kapena akakamenyera kunja kwa mizere, mnzako waluza pointi. Kawerengedwe kake ndi kodabwitsa pang'ono: pointi yoyamba amati 15, yachiwiri 30, yachitatu 40, ndipo yachinayi ndiyo imatseka gemu. Amene wayamba kupata magemu 6, atamusiya mnzake ndi magemu awiri, watenga seti. Pamasewera a amayi, woyamba kutenga maseti awiri ndiye wapambana. Tsono mukaona polembedwa 6-2, 6-4, ndiye kuti wopambanayo adatenga seti yoyamba ndi magemu 6 kwa 2, ndipo yachiwiri ndi magemu 6 kwa 4.

Pachaka pamakhala mipikisano inayi ikuluikulu imene wosewera aliyense amailota: wa ku Australia, wa ku France, wa ku Wimbledon mu mzinda wa London, ndi wa ku America. Wa ku Wimbledon amasewera pa kapinga, pamene wa ku France amasewera pa dothi lofiira. Padothi kampira kamachedwerapo ndipo kamanjanja m'mwamba, choncho osewera amabwezerana nthawi yaitali pointi isanapezeke. Pabwalo lotere mphamvu zokha sizikwanira. Pamafunika kudekha, mpweya wautali ndi mtima wosatopa.

Chinanso chofunika kudziwa ndi chakuti pa nthawi imeneyo mipikisano ikuluikuluyi inkalola anthu okhawo osewera mosalandira malipiro. Wopambana ankalandira chikho ndi ulemu basi. Munthu akangovomera kusewera kuti alipidwe, ankamutsekera kunja kwa mipikisano yonseyi. Lamulo limeneli lidatha m'chaka cha 1968.

MENDULO YA KU PARIS

M'mwezi wa Julayi 1924 mzinda wa Paris udalandira masewera a Olimpiki. Mayi Bouman, ali ndi zaka 20, adapita kukaimira dziko lawo. Pampikisano umene mwamuna ndi mkazi amasewera mbali imodzi, adagwirizana ndi mnyamata wa kwawo dzina lake Hendrik Timmer. Awiriwa adayenda bwino mpaka kufika m'gulu la matimu anayi omaliza, koma sadathe kulowa m'ndime yotsiriza. Mendulo ya golide idapita kwa Hazel Wightman ndi Norris Williams a ku America, ndipo ya siliva idapitanso kwa anzawo a ku America komweko.

Padatsala mendulo yachitatu, ya mkuwa. Kuti aipate, Bouman ndi Timmer adayenera kugonjetsa Kitty McKane ndi Brian Gilbert a ku Britain. Apa mpofunika kumvetsa bwino. Kitty McKane sadali munthu wamba. Masabata ochepa m'mbuyomo adali atangopambana kumene pa Wimbledon, atagonjetsa Helen Wills wa ku America m'ndime yotsiriza. Komabe achinyamata awiri a ku Holland aja adapambana masewerawo ndi 6-3, 6-0.

Ndi mendulo imeneyi Mayi Bouman adakhala mkazi woyamba wa ku Holland kupata mendulo ya Olimpiki pa masewera a mtundu wina uliwonse. Kuti timvetse kulemera kwake, tikumbukire kuti dziko lathu la Malawi lidayamba kutumiza osewera ku Olimpiki m'chaka cha 1972 ku Munich, ndipo pofika pa masewera a mu 2024, amene adachitikiranso ku Paris komweko, lidali lisanapatepo mendulo ngakhale imodzi.

Koma pali chinthu china chomvetsa chisoni. Zaka zinayi pambuyo pake, mu 1928, masewera a Olimpiki adachitikira ku Amsterdam, m'dziko lawo lenileni la Mayi Bouman, pa nthawi imene luso lawo lidali pachimake. Tsoka ilo, akuluakulu oyendetsa tenisi ndi oyendetsa Olimpiki adali atasemphana maganizo, ndipo tenisi idachotsedwa pa mndandanda wa masewerawo. Sidabwererenso ngati mpikisano wa mendulo mpaka mu 1988 ku Seoul. Choncho mayi amene akadasewera pamaso pa abale awo adangokhala woonerera. Apa tikuona kuti mwayi sunkawakondera nthawi zonse ayi. Pena unkawatsegulira chitseko, pena unkawatsekera.

NJOVU ZIWIRI ZA NTHAWI IMENEYO

M'zaka za m'ma 1920 tenisi ya amayi idali m'manja mwa anthu awiri. Woyamba adali Suzanne Lenglen wa ku France, amene adapambana pa Wimbledon kasanu ndi kamodzi pakati pa 1919 ndi 1925. Ankasewera ngati akuvina, ndipo ndi iye amene adayamba kuvala zovala zopepuka zolola munthu kuthamanga. Pamene mpikisano wa ku France udatsegulidwa kwa osewera a maiko onse m'chaka cha 1925, Lenglen ndiye adapambana, ndipo adabwerezanso mu 1926. Wachiwiri adali Helen Wills uja wa ku America, amene adatenga mendulo ya golide pa Olimpiki ya mu 1924. Iyeyu ankamenya kampira mwamphamvu, nkhope ili duu, osaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa. Pa moyo wake wonse adapambana ka 19 pa mipikisano inayi ikuluikulu ija, posawerengera ya awiriawiri.

Akatswiri awiriwa adakumana kamodzi kokha, mu Febuluwale 1926 mu mzinda wa Cannes, ndipo Lenglen adapambana ndi 6-3, 8-6. Osewera ena onse a nthawi imeneyo, kuphatikizapo Mayi Bouman, ankakhala mumthunzi wa njovu ziwirizi. Wina akadatha kugwa mphwayi ndi kunena kuti palibe chifukwa chovutikira pamene chikho chili ndi eni ake kale. Koma Mayi Bouman chaka ndi chaka ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku mipikisano, kukasewera, kugonja, ndi kubwerera kwawo kukakonza zolakwika.

M'chaka cha 1926, pampikisano wa ku France, adayenera kukumana ndi Helen Wills m'ndime yachiwiri. Masewerawo sadachitike chifukwa Wills adadwala mwadzidzidzi ndipo adachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Chaka chomwecho Suzanne Lenglen adavomera kupita ku America kukasewera molipidwa, pansi pa mkulu wina wamalonda dzina lake C. C. Pyle. Potsata lamulo lija, zitseko za mipikisano ikuluikulu zidamutsekekera mpaka kalekale.

CHAKA CHA 1927

Mpikisano wa ku France wa mu 1927 udachitikira ku Saint-Cloud, kunja pang'ono kwa mzinda wa Paris, kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni. Mzinda wonse udali udakali m'chisangalalo chifukwa pa 21 Meyi Charles Lindbergh adatera pomwepo ndi ndege yake, atawoloka nyanja ya Atlantic ali yekha kuchokera ku New York osaima pena paliponse. Lenglen adali woletsedwa kusewera. Helen Wills sadabwere. Kwa nthawi yoyamba chikho cha amayi chidali chopanda mwini.

Komatu chitseko chimenechi chidatsegukira amayi onse amene adalembetsa, osati Mayi Bouman okha ayi. Aliyense wa iwo ankadziwa kuti chaka chake ndi chomwechi. Mayi Bouman adagonjetsa onse amene adaikidwa patsogolo pawo, ndime ndi ndime, mpaka kufika m'ndime yotsiriza. Kumeneko adakumana ndi Irene Peacock wa ku South Africa, mayi wodziwa bwino masewerawa, amene ankawaposa msinkhu ndi zaka 11. Kuti mudziwe kuti Peacock adali pamphamvu chaka chimenecho, pampikisano womwewo iye ndi mnzake Bobbie Heine ndiwo adatenga chikho cha amayi osewera awiriawiri. Koma atakumana ndi Mayi Bouman adagonja ndi 6-2, 6-4. Mtsikana wa ku Almelo uja, ali ndi zaka 23, adanyamula chikho cha ku France. Kumbali ya amuna chaka chimenecho adapambana ndi René Lacoste wa ku France, atagonjetsa Bill Tilden wa ku America.

Munthu woona mndandanda wokha angathe kunena monga adanenera anthu a kwathu aja, kuti chikhochi chidali chotola. Koma tiyeni tibwerere m'mbuyo. Pofika 1927 mayi amenewa adali atakhala katswiri wa dziko lawo zaka zinayi zotsatizana. Adali ndi mendulo ya Olimpiki imene adaipata pogonjetsa timu ya katswiri wa Wimbledon. Kusabwera kwa Lenglen ndi Wills sikudawamenyere kampira ngakhale kamodzi. Pointi iliyonse adaikhetsera thukuta okha. Pajatu akuluakulu amati kanthu n'khama, phiri siliyenda.

UMBONI WA PAMBUYO PAKE

Chinthu chotola sichibwerezeka, koma luso limadzionetsa kawiri. Chaka chomwecho cha 1927 Mayi Bouman adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. M'mwezi wa Okutobala adasewera pampikisano watsopano wotchedwa Pacific Southwest Championships mu mzinda wa Los Angeles. M'ndime yotsiriza adakumana ndi Molla Mallory, mayi wobadwira ku Norway amene adapambana kasanu ndi katatu pampikisano waukulu wa ku America. Masewerawo adafika mpaka seti yachitatu, ndipo Mayi Bouman adapambana. Dzina lawo ndilo loyamba pa mndandanda wa amayi opambana pampikisano umenewo.

Masiku amenewo kudalibe makompyuta owerengera mapointi a osewera. Mtolankhani wina wa ku Britain, A. Wallis Myers, ndiye ankatulutsa chaka ndi chaka mayina a osewera khumi opambana padziko lonse, ndipo anthu ankaukhulupirira mndandanda wakewo. Mayi Bouman adalowa m'gulu la khumili mu 1927 ndi mu 1928, ndipo mu 1928 adali pa nambala 8.

M'chaka cha 1928 mpikisano wa ku France udasamukira ku bwalo latsopano la Roland Garros, kumene wakhala ukuchitikira kuyambira nthawi imeneyo. Helen Wills adabwera, ndipo adatenga chikho cha amayi mu 1928, 1929 ndi 1930. Mayi Bouman sadachitengenso chikho chimenecho, ndipo palibe chifukwa chobisira kuti Wills ankawaposa. Komabe sadathawe. Mu 1929 adagwirizana ndi Lilí Álvarez wa ku Spain, mayi amene adafika m'ndime yotsiriza ya Wimbledon zaka zitatu zotsatizana, 1926, 1927 ndi 1928, koma osapambana. Awiriwa adatenga chikho cha amayi osewera awiriawiri pa Roland Garros, atagonjetsa Bobbie Heine ndi Alida Neave a ku South Africa ndi 7-5, 6-3.

Luso lawo silidathere pa tenisi pokha. Adakhalanso katswiri wa gofu m'dziko la Holland, ndiponso adasewerapo m'timu ya dziko lawo ya hoke, masewera aja omenya kampira ndi ndodo zokhota kumapeto. Munthu mmodzi kuimira dziko kapena kukhala katswiri pa masewera atatu osiyana, chimenecho sichingatchedwe ngozi.

ULENDO WAUTALI NDI IMFA YAWO

Mu Januwale 1931, ali ndi zaka 27, Mayi Bouman adakwatiwa ndi a Wilhelm Tiedemann kwawo ku Almelo. Bambowa adali katswiri wofufuza za miyala ndi nthaka. Ukwati utangochitika, banjali lidasamukira ku zilumba zimene pa nthawiyo zinkalamulidwa ndi Holland ndipo zinkatchedwa Dutch East Indies, limene lero ndi dziko la Indonesia. Kumeneko adakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Moyo wa mabwalo akuluakulu a ku Ulaya udathera pomwepo. Adachoka pa msinkhu umene osewera ambiri a masiku ano amakhala akadali pamphamvu, ndipo adachoka opanda chuma chochokera ku tenisi, popeza zikho za nthawi imeneyo zidalibe ndalama.

Nthawi ina ya moyo wawo adadzakhalanso kuno ku Nyasaland. Dzina limeneli dziko lathu lidalitenga mu 1907 ndipo lidalisiya pa 6 Julayi 1964. M'zaka za atsamunda tenisi kuno inkaseweredwa makamaka m'makalabu a azungu, monga ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba, kumene munthu wakuda ankalowako ngati wantchito chabe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene masewerawa sadazikire mizu m'midzi mwathu monga udachitira mpira wa miyendo ndi ntchemberembaye. Zimandichititsa chidwi kuganiza kuti mayi amene adanyamula chikho ku Paris adapumapo mpweya wa dziko lino, adaona mvula yathu ndi fumbi lathu, pamene agogo athu ankapita kumunda osadziwa kuti m'dziko mwawo muli katswiri wotere.

Pambuyo pake adabwerera kwawo ku Twente. Adakhala ndi moyo wautali ndipo adaona zinthu zambiri zikusintha. Adaona osewera akuyamba kulandira malipiro mu 1968. Adaona Betty Stöve wa kwawo akufika m'ndime yotsiriza ya Wimbledon mu 1977, kumene adagonja kwa Virginia Wade. Adaona tenisi ikubwerera ku Olimpiki mu 1988. Ndipo mu 1996, patatha zaka 69 chipambanire iwo ku Saint-Cloud, adaona Richard Krajicek akupambana pa Wimbledon, kukhala mwamuna woyamba wa ku Holland kutenga chimodzi mwa zikho zinayi zija posewera yekha.

Mayi Kea Bouman adamwalira pa 17 Novembala 1998 m'tauni ya Delden, kutangotsala masiku asanu ndi limodzi kuti akwanitse zaka 95. Mnzawo uja wa ku Olimpiki, Hendrik Timmer, adali atatsogola masiku anayi okha m'mbuyomo. Pambuyo pawo Holland idatulutsanso amayi aluso. Kiki Bertens adafika pa nambala 4 padziko lonse mu 2019, ndipo pa tenisi ya anthu oyenda pa njinga za olumala, Esther Vergeer ndi Diede de Groot adatenga zikho zosawerengeka. Koma pa mndandanda uja ndidauona m'laibulale, ngakhale titauwonjezera mpaka chaka cha 2024, dzina la mkazi wa ku Holland likadali limodzi lokha.

ZIMENE NDATOLAPO

Mbiri imeneyi yandipatsa yankho limene ndidalisowa tsiku lija kwathu. Ndi zoona kuti Lenglen ndi Wills akadasewera mu 1927, mwina chikho chikadapita kwina. Ndi zoonanso kuti lole ija ikadapanda kutitimira, mwina mlongo wanga ndi anzake akadagonja. Koma palibe munthu amene amasankha tsiku limene njovu idzachoke panjira. Chimene munthu angasankhe ndi kukhala atafika kale panjirapo, miyendo ili yolimba. Mu 1927 amayi ambiri adaona chitseko chotseguka, koma adalowa ndi mmodzi yekha, amene adakhala akukonzeka kuyambira 1923. Chimodzimodzinso pa mpikisano wa kwathu uja, matimu ena adalipo ndipo adasewera. Atsikana athu adawagonjetsa onsewo chifukwa cha masiku ambiri amene adathera pabwalo lafumbi, opanda nsapato, anzawo ali kunyumba.

Kwa ife anyamata, phunziro lake ndi lapoyera. M'kalasi iliyonse mumakhala wina amene nambala wani imaoneka ngati ndi yake yobadwa nayo, ndipo enafe timayesedwa kugwa ulesi poganiza kuti ngakhale tilimbike bwanji sitingamupose. Mayi Bouman sadali Lenglen ndipo sadali Wills. Iwo eni ankadziwa zimenezo. Komabe sadaleke kupita kubwalo, ndipo ndi chifukwa chake patatha zaka pafupifupi 100 mnyamata wa ku Tsangano akulemba za iwo.

Kwa inu makolo athu, ndikupempha modzichepetsa. Mwana wamkazi akabwera ndi chikho, kapena ndi malikisi abwino, tisafulumire kufunafuna chifukwa chochepetsera chimene wachita. Mawu oti wangochita mwayi amafooketsa mwana kuposa chikwapu. Kachewere ngofunika, ndipo mlongo wanga sakana khasu. Koma ola limodzi lamadzulo pabwalo silingagwetse munda.

Tchuthi chikubwerachi ndikafika kwathu ndikakhala pansi ndi amalume, mwaulemu wake, ndipo ndikawafotokozera za mayi wa ku Almelo amene adakhalapo m'dziko lathu lino. Ndikawapempha chinthu chimodzi chokha: kuti amulole mlongo wanga abwerere pabwalo, kuti chaka chamawa lole ija ikadzafika bwinobwino, idzamupeze ali wokonzeka.